Opanda mapepala sapalamula kuposa eni dziko

Achimwene, mwafunsa ngati anthu opanda mapepala amapalamula milandu kuposa eni dziko. Yankho ndi ayi. Anthu okhala m'dziko la eni opanda mapepala sapalamula milandu kuposa nzika, ndipo ku America, kumene nkhaniyi inawerengedwa bwino, anapezeka kuti amapalamula mocheperapo. Ku Texas, ku America, munthu akamangidwa aboma amaonanso ngati ali m'dzikomo mwalamulo. Wofufuza wina, Michael Light, ndi anzake ataunika kaundula wa omangidwa kuyambira 2012 mpaka 2018, anapeza kuti mwayi woti nzika yobadwira komweko imangidwe pa mlandu wachiwawa unali woposa kawiri poyerekeza ndi wopanda mapepala, ndipo pa milandu ya katundu, monga kuba, unali woposa kanayi.

Zimenezi sizinandidabwitse. Ndili ku Johannesburg ndinkagona chipinda chimodzi ndi mnyamata wa kwathu amene masiku a m'pasipoti mwake anali atatha. Akangoona galimoto ya polisi ankakhota njira, mtima uli phaphapha. Ndewu ikabuka pamalo omwera, woyamba kuthawa anali iye. Tsiku lina anamulanda foni ndi malipiro a sabata yonse, koma kupolisi sanapite, kuopa kukathera ku Lindela, kumene amatsekera opanda mapepala, n'kubwezedwa kumudzi. Munthu wamantha chotere safuna chilichonse chomuonetsera poyera. Oipa alipo ndithu, sindikukana, monga alili pamtundu uliwonse.

Chimasokoneza anthu n'chakuti ku South Africa kukhala wopanda mapepala pakokha ndi mlandu, ndiye omangidwa amaoneka ochuluka ngakhale sanabe kanthu. Ngati mukufunsa chifukwa m'bale wanu wagwidwa, musadalire za pa Facebook. Pezani loya wodziwa malamulo olowera m'dziko msanga, kapena pitani ku bungwe la maloya oteteza ufulu wa anthu la Lawyers for Human Rights.