Bilu ya kuchipatala ndi kachigawo chabe

Achemwali, pepani ndi zomwe zawagwera achimwene anuwo. Mwafunsa ngati kubwezeredwa ndalama za kuchipatala zokha, monga akunenera a inshulansi, n'kokwanira pa ngozi ya njinga yamoto ija. Sikokwanira, ndipo musafulumire kusaina.

Bilu ya kuchipatala imatha. Chimene chimatsala n'choti munthu wodya thukuta lake sagwiranso ntchito ngati kale. Fupa la ntchafu likathyoka limatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti ligwirane, ndipo likagwirana mokhota kapena bondo likauma, mmisiri womanga sakweranso pamwamba. Ndinaziona kwa mnzanga wina wopala matabwa. Mabala anapola bwinobwino, koma zala ziwiri zinakana kupinda. Akati akhome msomali, hamala inkangopulumuka m'manja. Makasitomala anatha mmodzimmodzi, osatsanzika n'komwe.

Ndiye pali munthu wachiwiri amene saoneka pa mapepala: wodwazika matenda. Kawirikawiri amakhala mkazi wake kapena mwana, amene amasiya ntchito kapena sukulu kuti azisambitsa wodwala, kumutembenuza ndi kumuperekeza ku fiziyo, komwe achipatala amawongola ndi kulimbitsa ziwalo zovulala. Apo ndiye kuti khomo limodzi lataya anthu awiri opezera banja chakudya. Onjezanipo thiransipoti, ndodo zoyendera, njinga ya olumala, ndipo ngati mwendo wadulidwa, mwendo wochita kupanga uja umafuna kusintha pakapita zaka zingapo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Ovulala koma osafa ndi pakati pa 20 ndi 50 miliyoni, ndipo maiko ambiri ngozizi zimawadyera 3 peresenti ya chuma chomwe amapanga pachaka. N'zosadabwitsa, chifukwa pa anthu atatu alionse akufa pamsewu, awiri amakhala a zaka 18 mpaka 59, msinkhu wogwira ntchito.

Choncho dikirani kaye dokotala wa mafupa alembe lipoti losonyeza kuti mwendowo wataya mphamvu zochuluka bwanji, ndipo alembe zinthu zitakhazikika, osati sabata yotuluka m'chipatala. Sungani malisiti onse, ngakhale aang'onoang'ono, pamodzi ndi umboni wa ndalama zomwe achimwene ankapeza ngozi isanachitike. Mapepala amenewa mukawaonetse kwa loya musanayankhe a inshulansi. Pakadali pano fiziyo asamadumphe ngakhale ikuwawa, chifukwa bondo likauma m'miyezi yoyambirirayi limavuta kuliwongola.