Musagulitse maboti, koma Lamulungu m'mawa foni ikhale kunyumba

Bambo wina wa ku Makawa wanditumizira imelo. Akuti anayamba ngati mlovi, kukoka khoka la chilimira la eni ake usiku wonse, ndipo lero ali ndi maboti awiri a injini, galimoto yopititsa usipa ku Limbe ndi nyumba za lendi pa boma pa Mangochi. Funso lawo ndi ili: "Ndili mmphawi sindinkajomba mapemphero. Lero chakhumi ndimapereka chonse, koma mtima wanga wauma. Kodi chuma chandilanda Mulungu? Ndichitaye?"

Bambo, musagulitse maboti. Zebedayo, atate wa Yakobo ndi Yohane, anali ndi ngalawa ndi antchito olipidwa (Marko 1:20), ndipo palibe pamene Yesu anamunyoza. Lidiya wa pa Machitidwe 16 ankagulitsa nsalu zodula, ndipo abale ankakumana m'nyumba mwake. Komabe mantha anuwo ndi oona. Pa Deuteronomo 8, Mose anachenjeza Aisraeli za nthawi imene adzadye n'kukhuta, kumanga nyumba zabwino, ng'ombe n'kuswana. Pamenepo ndi pamene munthu amayamba kunena mumtima kuti dzanja langa ndilo landipezera zonsezi. M'chipululu, mana akugwa m'mawa uliwonse, kuiwala kunali kovuta.

Chimene chuma chimayamba kudya ndi nthawi. Inu mukudziwa kuti usipa sudikira kuti abusa amalize ulaliki. Maboti amakocheza m'bandakucha, ogula ali kale pagombe ndi mabeseni awo, nsomba zikufunika kuyanikidwa pa thandala dzuwa lisanakwere. Ndiye mumalowa m'tchalitchi nyimbo yachiwiri itatha, foni ikunjenjemera m'thumba, mwatuluka kukayankha dalaivala amene wamuimitsa pa rodibuloko, mwabwereranso nthawi ya chopereka. Thupi linapemphera ndithu. Envelopu nayo inafika. Koma chakhumi chikasanduka ganyu, kumulipira Mulungu kuti asakufunseni za tsiku lake, mtima uuma basi.

Kuno ku Mangochi tili ndi aphunzitsi pafupi. Lachisanu masana yendani mumsika muone anzathu achisilamu ambiri akutseka mashopu kupita kumzikiti, makasitomala ali pakhomo. Sindikunena kuti tisinthe chipembedzo. Ndikungoti amalonda anzathu anavomera kuti pali maola amene sagulitsidwa, ndipo sitolo zawo sizinagwe.

Pali china chimene simunalembe, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Munthu akalemera, mpingo umasiya kumuuza zoona. Pa Paper Sunday ndinu mlendo wolemekezeka, mpando wa pulasitiki wakutsogolo ndi wanu, komiti ya zomangamanga ikudikira malata kuchokera kwa inu. Ndani angakudzudzuleni? Mkulu wa mpingo amene mwana wake mukumulipirira fizi? Yakobo 2 anaona kale khalidweli, lopatsa malo abwino wovala mphete ya golide, wosauka n'kumuuza kuti aimirire uko. Abusa ena, tinene mosabisa, amakonda envelopu kuposa nkhosa, ndipo adzakuuzani kuti boti lililonse latsopano ndi umboni woti muli bwino ndi Mulungu. Musakhulupirire msanga. Pezani munthu mmodzi, mwina gogo wa mu Mvano kapena mnzanu amene munkakoka naye khoka, amene safuna kanthu kwa inu, ndipo mumupatse chilolezo chokufunsani mafunso owawa.

Funso loyamba likhale la alovi anu. Gawo lawo amalandira tsiku lomwelo, kapena mumati adikire galimoto ibwere ku Limbe? Mafuta akakwera mtengo, amene amadulidwa ndi ndani? Deuteronomo 24:15 amati waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5:4 amati malipiro obisidwa amafuula mpaka kwa Ambuye. Lachiwiri ndi la nyanja yeniyeniyo. Mu Novembala ndi Disembala, boma likatseka nyanja kuti chambo chiswane, maukonde anu amakhala kuti? Kasawala (tiana ta chambo) wogwidwa ndi neti ya udzudzu amafika pa thandala lanu? Amene anaona mmene chambo chinathera ku Malombe safunika kumasuliridwa. Mkhristu amene akuba nsomba za adzukulu ake, kenako n'kupereka chakhumi cha zomwezo, akudzinamiza yekha.

Za mankhwala ndingonena mwachidule. Nsomba zikasowa, padzapezeka wokunong'onezani za sing'anga wotsirika maukonde, poti anzanu onse amatero. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo anthu akamanena kuti munakhwima, musalimbane nawo. Amene amalandira malipiro awo mokwanira ndi amene adzakuyankhireni.

Tsono chochita sabata ino: sankhani mnyamata wokhulupirika aziyang'anira malonda a Lamulungu m'mawa, kapena maboti asapite Loweruka usiku. Foni isiyeni kunyumba. Mudzaluza ndalama, mwina zambiri mwezi ukakhala wa mdima usipa ukugwidwa bwino, ndipo alovi adzadandaula chifukwa nawonso gawo lawo lichepa. Khalani nawo pansi mukambirane za tsikulo, ndipo kusiyanako kuchoke m'thumba lanu. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, mundiuze mmene zikuyendera kunyumba ndi kugombe.