Chotupa cha khansa m'chiuno: bwanji sakuchichotsa msanga?

Mayi wina wanditumizira imelo. Achimwene awo apezeka ndi chotupa mkati mwa chiuno, ndipo madokotala akuti ndi khansa yotchedwa sarcoma. Akudandaula kuti kuchipatala akungowayeza osawachita opaleshoni, pomwe abale kumudzi akuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imafalikira thupi lonse.

Pepani kwambiri mayi, nkhani ngati iyi imasowetsa tulo.

Sarcoma imayambira m'minofu, m'mafuta kapena m'mitsempha. Ndi yosowa: mwa akuluakulu 100 odwala khansa, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amakhala nayo. M'chiuno imakula mwakachetechete, ndipo pomwe izidziwika imakhala itatsamira chikhodzodzo, matumbo, mitsempha ikuluikulu ya magazi kapena mtsempha wa sciatic wotsikira kumwendo.

Kuyezako sikutaya nthawi. Sikani ya MRI, yojambula m'kati mwa thupi, imaonetsa pomwe chotupa chathera. Sikani ya CT ya pachifuwa imafufuza m'mapapo, poti sarcoma ikafalikira imakonda kuthamangira kumeneko kudzera m'magazi. Kachidutswa ka chotupacho komwe amatenga ndi singano kamawauza mtundu wake weniweni, kaya liposarcoma (yoyambira m'mafuta) kapena leiomyosarcoma (yoyambira m'minofu).

Apa ndiye pagona nkhani: opaleshoni yoyamba ndiyo ili ndi mwayi waukulu wochiritsa. Chotupachi chimaoneka ngati chili m'kathumba kakekake, koma maselo a khansa amakhala atadutsa kale kathumbako. Dokotala akangochisenda, kapena chikaphulika m'manja mwake, zotsalazo zimaphukanso, ndipo ulendo wachiwiri umavuta kwambiri. Mwina mantha a kumudzi aja anachokera pa maopaleshoni otere, kapena pa odwala ofika mochedwa. Koma mpeni pawokha sufalitsa khansa. Chofunika nkuchotsa chotupa chonse chathunthu, pamodzi ndi mnofu wabwinobwino wochizungulira.

Sindikubisirani, mtengo wake umatha kukhala wowawa. Ena amachotsedwa mbali ya matumbo nkumachitira chimbudzi m'thumba la pamimba, ena chikhodzodzo, ndipo mwa apo ndi apo mwendo umene. Nthawi zina amayamba awotcha chotupacho ndi cheza champhamvu cha makina (radiotherapy) asanadule.

Chonde musalole kuti adulidwe pachipatala chaching'ono. Ntchitoyi ndi ya zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe madokotala a mafupa, a matumbo ndi a khansa angakambirane pamodzi. Kawafunseni: chichotsedwa nchiyani, ndipo achimwene azidzayenda bwanji? Akatuluka, asamajombe masiku obwerera kukayezedwa, makamaka zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, chifukwa ndi pomwe chotupa chimakonda kubwerera.