Kodi nyimbo ya mluzu ija anaipeka ndani?

Funso: Akonzi, malemu bambo anga ankakonda kuimba mluzu wa m'filimu ya makauboyi tikamachokera ku msika wa Zomba madzulo. Kodi anapeka nyimboyo ndani, ndipo adakali moyo? Wowerenga wanu, Chinamwali.

Yankho: Pepani ndi imfa ya bambo. Mwachidziwikire mukunena Ennio Morricone wa ku Italy, yemwe anamwalira ku Rome pa 6 July 2020 ali ndi zaka 91, atapeka nyimbo za mafilimu oposa 400. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti m'mafilimu oyamba a makauboyi a Sergio Leone, wotsogolera mafilimu wa ku Italy, ndalama zolipirira gulu lalikulu la oimba zitaperewera, Morricone anatenga mluzu, kulira kwa chikwapu ndi gitala n'kuzisandutsa nyimbo yosaiwalika. Mphoto yapampikisano ya Oscar, yomwe ndi mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, anailandira mochedwa, mu 2016, atakalamba kale.