Funsani Alangizi: Mayi a zaka 71 anganyamule zitsulo?

FUNSO: Alangizi, mayi anga ali ndi zaka 71, sadwaladwala kupatula BP yomwe amamwa mankhwala ake, koma chaka chino ndaona kuti miyendo yawo yawonda ndipo akafuna kudzuka pampando amayamba agwira mawondo, kugwedezeka kawiri katatu kenako ndi pomwe aime. Ife ana tinawaletsa kunyamula chilichonse, timangoti khalani mupume mwagwira ntchito kokwana. Kuyenda amayenda ndithu m'mawa uliwonse. Nde mchimwene wanga akuti tiwagulire tizitsulo azinyamula, ine ndikuona ngati tiwapweteka. Munthu wamkulu chonchi anganyamule zitsulo?

YANKHO: Achemwali, pamenepa achimwene anuwo akhoza, ndipo musakhumudwe ndikanena kuti "khalani mupume" wanuyo, ngakhale ndi wachikondi, akuthandizira nawo kudya miyendo ya mayi.

Zomwe mukuonazo zili ndi dzina, madokotala amati sarcopenia, dzina lomwe dokotala wa ku America Irwin Rosenberg anapeka mu 1989 kuchokera ku mawu achigiriki otanthauza kuchepa kwa mnofu. Munthu akangodutsa zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, pakati pa 3 ndi 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo akapitirira 60 zimathamanga. Chovuta kwambiri n'choti minofu yomwe imayamba kutha ndi ija yogwira ntchito mwachangu ndi mwamphamvu, ija imakudzutsa pampando kamodzin'kamodzi kapena kukugwira ukapunthwa usanafike pansi. Kuyenda kwa m'mawa n'kwabwino pa mtima ndi shuga, asasiye, koma sikuifikira bwino minofu imeneyo chifukwa mwendo suvutika mokwanira, nde munthu utha kumayenda tsiku ndi tsiku koma mpando n'kumakukanikabe.

Thupi silisunga mnofu womwe sukugwira ntchito. Mu 2007 ku America akatswiri ofufuza anagoneka pabedi achikulire athanzi lawo a zaka za m'ma 60 kwa masiku 10 okha, ndipo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Masiku 10 basi! Nde ganizirani chaka chathunthu cha kukhala.

Koma nkhani yomwe ine imandisangalatsa ndi ya dokotala wofufuza Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston, ku America, mu 1990. Anatenga nkhalamba 10 za kunyumba yosungira okalamba, wamng'ono zaka 86 wamkulu 96, anthu ofooka enieni ena oyendera ndodo, n'kumawanyamulitsa zolemera ndi miyendo katatu pa sabata kwa masabata 8. Mwa 9 omwe anamaliza, mphamvu za m'miyendo zinakwera ndi 174 peresenti, minofu ya pantchafu inakula ndi 9 peresenti. Mayi anu pa gulu limenelo akanakhala mwana wotumidwa. Muone kuti mphamvu zinakwera kwambiri kuposa kukula kwa mnofu, zimatero chifukwa masabata oyamba ubongo ndi mitsempha zimaphunziranso kulamula minofu yomwe inali itagona, ndiye musadabwe mayi akayamba kudzuka bwino miyendo ikuonekabe yowonda.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu malangizo ake a 2020 limati a zaka 65 kupita m'tsogolo azilimbitsa minofu yonse ikuluikulu masiku osachepera awiri pa sabata, komanso masiku atatu azipanga zowathandiza kuima molimba kuti asamagwe.

Zitsulo musathamangire kugula, jimu yawo yoyamba ndi mpando womwe ukuwavutawo. Pezani wolimba, wosatsika kwambiri, muutsamiritse kukhoma kuti usaterereke. Akhale chakutsogolo kwa mpando, mapazi abwerere m'mbuyo pang'ono, aweramire kutsogolo mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi, kenako aime. Pokhala asadzigwetse ngati thumba ayi, atsike akuwerenga mpaka 3, potsikapo ndi pomwe ntchafu zimagwira ntchito zedi. Poyamba agwire ndi manja palibe vuto, pakapita masabata ayese manja ali pachifuwa. Achite ka 8 mpaka ka 12, apume mphindi imodzi kapena ziwiri, abwereze. Awonjezere mapushapu a pakhoma, kuima ndi zala za kumapazi atagwira tebulo, ndi kukoka kanthu kolemera ngati botolo la madzi kuchokera pansi kufika m'chiuno kuti msana ndi mikono zipezeko. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, nde kuwerengera sikuvuta.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: ziyenera kumalemera. Ngati akufika ka 12 akucheza ndi kuseka ndiye kuti zapepuka, onjezerani pang'ono. Ziwiri zomaliza zizimveka kuti eya ndagwira ntchito. Kabotolo komwe komweko chaka chonse sikasintha kanthu. Pakati pa masiku ochita pazikhala tsiku lopuma, mnofu umamangika nthawi yopumayo.

Pa BP paja, akaonane kaye ndi adokotala awo asanayambe, ndipo asamagwire mpweya ponyamula chifukwa zimakweza BP mwadzidzidzi, azitulutsa mpweya pomwe akukankha. Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira kapena lachiwiri n'kwachibadwa, kumatha kokha. Koma kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika, kapena ululu wobaya m'bondo, asiye pomwepo. Komanso ngati kuwondako kwabwera mwachangu miyezi yochepa, kapena mwendo umodzi wokha, zimenezo musazitaye pa ukalamba, akayezedwe.

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 66, ndayamba kunyamula miyezi iwiri yapitayi. Anzanga akuti popanda mapuloteni aufa aja ndikungotaya nthawi, zoona?

YANKHO: Bambo, anzanuwo akokomeza. Chomwe chili choona n'choti thupi la munthu wamkulu silimva msanga mapuloteni ngati la mnyamata, nde akatswiri amati achikulire azipeza galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lawo patsiku. Ngati mumalemera makilogalamu 70 ndiye kuti magalamu 70 mpaka 84, ndipo zimayenda bwino mukawagawa m'mawa, masana ndi madzulo osati kuunjika onse pa chakudya chimodzi. Mukawapeza mu chakudya wamba zakwana, ufawo ndi wa munthu amene kudya kukumuvuta. Ngati muli ndi vuto la impso musawonjezere mapuloteni musanafunse adokotala anu.