Thandizo la Boma Lilipo, Koma Silibwera Lokha Pakhomo

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa m'boma la Dedza. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Alangizi, ndikulera ana awiri a malemu mchemwali wanga. Wamkulu, mnyamata, wasankhidwa kupita ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. Wamng'ono, mtsikana, wasankhidwa kukayamba Fomu 1 pasukulu yogonera konko. Ine ndimalima mbatatesi ndi nyemba, ndipo ndili ndi ana anga atatu. Anthu amati boma limathandiza ana otere, koma aliyense amene ndamufunsa akundilozera kwina. Kodi ndikagogode pati?"

Mayi, anthu akukulozerani kosiyanasiyana chifukwa khomo lake si limodzi. Thandizo la mnyamata lili kwina, la mtsikana lili kwina. Ndipo konseko sapereka kanthu chifukwa choti munthu wafotokoza mavuto ake mogwira mtima. Amafuna mapepala, komanso amafuna mufike nthawi yolembetsa isanathe. Mabanja ambiri ovutikitsitsa amaphonya thandizo pazifukwa ziwiri zomwezi, pamene ena opezako bwino, odziwa kuwerenga zilengezo, amalipeza.

Tiyambe ndi mapepala, chifukwa mudzawafuna paliponse. Mnyamatayo akhale ndi chiphaso cha unzika. Chimaperekedwa ndi bungwe la boma lolembetsa nzika la NRB kwa aliyense amene wakwanitsa zaka 16, ndipo ofesi yake ili kwa DC. Mukachitenga, khalani pansi muyerekeze dzina lomwe lili pachiphasocho ndi lomwe lili pa zotsatira za MANEB ndi pa mndandanda wa osankhidwa. Kwathu kuno si zachilendo kuti mwana alembedwe dzina la bambo ake kusukulu, koma pachiphaso n'kulembedwa la amalume ake kapena la agogo amene anamulera. Kumudzi aliyense amadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Kompyuta sidziwa zimenezo, imangoona anthu awiri. Ngati pali kusiyana, ngakhale kwa chilembo chimodzi kapena tsiku lobadwa, yambani kukonza lero, chifukwa zotere sizitha tsiku limodzi.

Chachiwiri ndi umboni woti anawa ndi amasiye. Chikalata cha imfa chimachokeranso ku NRB. Ngati malemuwo anamwalirira kunyumba, nkhani imayambira kwa amfumu a m'mudzi mwanu. Pemphaninso kalata ya amfumu yonena kuti ndinu amene mukusunga anawa. Zonsezi muzijambulitse kangapo, ndipo zenizenizo musasiye mu ofesi ya munthu aliyense.

Tsopano za mnyamata. Khomo lake lalikulu ndi bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, lomwe ambiri amangoti Loans Board, kapena HESLGB. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 2015, ndipo limathandiza ophunzira osowa a m'mayunivesite a boma komanso omwe si a boma, bola akhale ovomerezeka. Ngongoleyi imatha kukhala ya fizi, ya zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku monga chakudya ndi malo ogona, ndi ya mabuku. Kusankhidwa kupita ku yunivesite sikutanthauza kuti ngongole yabwera yokha. Bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE ndi mayunivesite amasankha ophunzira, koma ngongole munthu amafunsira payekha, ku bungwe linalo, panthawi yomwe lalengeza m'manyuzipepala, pawailesi ndi pa tsamba lake la pa intaneti. Masiku ano kufunsirako kumachitika pa intaneti. Choncho mnyamatayo apite pa boma kapena kusukulu yake yakale komwe kuli kompyuta, adzaze yekha, ndipo nambala ya foni ndi imelo zomwe alembe zikhale zake. Asalembe za mwini kompyuta, chifukwa mauthenga onse adzapita kwa ameneyo.

Podzaza anene zoona zokhazokha. Ena amaganiza kuti akapha makolo amoyo pa fomu mwayi ukula. Inu simukufunika bodza lililonse, nkhani yanu ndi yokwanira momwe ilili. Chofunika ndi kuilemba yonse: anthu angati akudya pakhomo panu, angati ali pasukulu, mumapeza bwanji ndalama, mwanayo anaphunzira sekondale iti ndipo ankamulipirira ndani. Ngati ku sekondale anali pa basale, atenge kalata kwa mphunzitsi wamkulu yochitira umboni zimenezo. Awerengenso bwino malo onse ofunika kusainidwa kapena kudindidwa, pasatsale ngakhale amodzi.

Pali zinthu ziwiri zomwe sindikubisirani. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, chifukwa ofuna ndi ambiri kuposa ndalama zomwe zilipo. Ndipo iyi ndi ngongole ndithu, si mphatso. Walira mvula walira matope: akadzamaliza maphunziro adzapatsidwa kanthawi kopuma, kenako adzayamba kubweza, ndipo olemba ntchito ali ndi udindo wodula pa malipiro ake n'kutumiza ku bungweli. Ine ndimaona kuti zimenezi n'zoyenera, pakuti ndalama yomwe iye adzabweze ndi yomwe idzaphunzitse mlongo wakeyo nthawi yake ikadzakwana. Mumuuze zimenezi tsopano, asadzadabwe patsogolo.

Ngakhale atapatsidwa ngongole, musamutumize chimanjamanja. Konzani yoyendera ndi yodyera ya masabata oyamba. Ku Bunda, komwe ndi likulu la LUANAR kufupi ndi Mitundu, si ophunzira onse amene amapeza malo m'nyumba zogona za pasukulu, ndipo ambiri amachita lendi m'midzi yozungulira. Akangofika, akadzionetse ku ofesi ya Dean of Students, yoona za umoyo wa ophunzira, n'kunena za kwawo. Makampani, mipingo ndi mabungwe akafuna kuthandiza ophunzira osowa, kawirikawiri amafunsa mayina kumeneko. Mwana wamanyazi, amene amangogona ndi njala osauza munthu, dzina lake silipezeka pa mndandanda uliwonse.

Nkhani ya mtsikana ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndalama zikachepa pakhomo, amene amauzidwa kuti ayambe wadikira amakhala mtsikana, ndipo kudikirako nthawi zambiri kumathera kubanja. Musalole zimenezo. Kuyambira mu 2018 boma lakhala likuchotsa zina mwa zolipira m'sekondale zake, kotero musadalire zonena za anthu amene ana awo anamaliza kalekale. Pitani nokha kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yomwe wasankhidwayo sukulu isanatsegulidwe, mukafunse zomwe mukuyenera kulipira chaka chino, azikulemberani papepala. Pasukulu yogonera konko cholemetsa kwambiri ndi chakudya ndi malo ogona, kuwonjezapo yunifolomu, zofunda, sopo ndi yoyendera. Mufotokoze momwe zinthu zilili, mupemphe kulipira pang'onopang'ono, ndipo mupemphe kuti dzina la mwanayo lilembedwe pa mndandanda wa ofunika basale. Kholo lomwe lafika lokha nthawi ilipo limamvedwa mosiyana ndi lomwe langotumiza mwana wopanda kanthu tsiku lotsegulira.

Mukachoka kumeneko, pitani ku khonsolo ya boma lanu, ku ofesi ya Social Welfare, yoona za chisamaliro cha anthu. Ofesi imeneyi ndiyo imaona za ana amasiye ndi ovutika, ndipo imagwira ntchito limodzi ndi ofesi ya zamaphunziro posankha ana oti athandizidwe. Ili ndi alangizi oteteza ana m'madera, choncho funsani kwa amfumu kuti wa dera lanu ndi ndani, abwere adzaone pakhomo panu ndi maso ake. Funsaninso kwa khansala wanu ndi kwa akomiti ya chitukuko, ya VDC ndi ya ADC, za basale yochokera ku thumba la chitukuko cha m'dera la CDF. Ndalama imeneyi ndi ya misonkho, si ya m'thumba la munthu wandale, kotero simukupempha chifundo ndipo simufunika kuvala nsalu ya chipani chilichonse. Palinso mabungwe omwe si a boma, monga CAMFED, amene amalipirira atsikana m'maboma ena. Iwonso amadutsira kusukulu ndi m'makomiti a m'dera posankha ana, ndiye mukuona chifukwa chake ndikulimbikira kuti dzina la mwanayo lidziwike m'malo amenewa. Amayi a Mother Group a pasukulu ya pulaimale yomwe mwanayo ankaphunzira angakuchitireni umboni, poti amamudziwa. Kumpingo kapena kumzikiti kwanu nakonso musapite mongodandaula, pitani ndi pepala la zolipira lija.

Mwina mwamvapo za Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndi kowonjezera ngati pali ana a sukulu. Munthu safunsira ngati ngongole, mabanja amasankhidwa pakalembera wa m'midzi. Poti inu mumalima ndi manja anu, mwina simungalowemo. Musaiwerengere.

Zonse zikakanika, musangomusunga mwanayo pakhomo. Kambiranani ndi ofesi ya zamaphunziro za kumusamutsira ku sekondale yoyendera ya pafupi. Si zomwe tikanakonda, pakuti malo a sukulu yogonera anawapeza ndi thukuta lake, koma Fomu 1 ya pa sekondale yoyendera ya CDSS iposa chaka chokhala pakhomo. Zomupezera kachipinda ka lendi kuti azidziphikira yekha kutali ndi kwanu, pa msinkhu umenewu, ine ndikukana.

Wina akadzakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti alowetse dzina la mwana wanu pa mndandanda wa ngongole kapena basale, dziwani kuti ndi wakuba. Ndalama iliyonse yolipira polembetsa imalembedwa pachilengezo, imapita ku akaunti ya bungwe, ndipo mumalandira lisiti.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Dowa. Akuti analemba MSCE zaka ziwiri zapitazo, anapeza makirediti anayi koma Chingerezi anapeza 7, ndipo chiyambireni akungothandiza bambo ake kumunda wa fodya. Akufunsa ngati boma lili ndi chilichonse cha anthu ngati iye.

Mphwanga, lili nacho, ndipo china chili m'boma lako lomwelo. Ku yunivesite za boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo kirediti imathera pa 6. Ngati mtima wako uli kumeneko, ungabwereze kudzera ku sekondale ya open, yomwe amaphunzira masana m'makalasi a sukulu za boma, n'kulembanso mayeso. Koma usanalipire, werenga chilengezo cha NCHE cha chaka chatha uone kuti amalandira masatifiketi a zaka ziti ndi olembedwa motani. Udzifunsenso moona mtima chimene chidzasinthe ulendo uno. Ngati Chingerezi ndicho chinakugwetsa, mankhwala ake ndi kuwerenga tsiku lililonse, ndipo malaibulale a National Library Service alipo chifukwa cha ntchito imeneyo.

Koma ndikufuna uganizirenso za maluso, ndipo usawaone ngati kothawira olephera. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, limalemba achinyamata kuti akaphunzire m'makoleji a ntchito zamanja. Makoleji akuluakulu ndi Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo atatu oyambawo ali m'chigawo chako. Kuyambira mu 2015 boma linatsegulanso makoleji a m'madera, monga Ngara ku Karonga, Chongoni ku Dedza ndi Mponela kwanu ku Dowa konko. Amaphunzitsa zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, zamipope, umakaniko, kusoka ndi zina, ngakhale si koleji iliyonse yomwe ili ndi zonsezi. Amene walowa kudzera ku TEVETA amalipira zochepa poyerekeza ndi wolowa payekha, chifukwa olemba anthu ntchito amapereka msonkho wapadera, 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo, wothandizira maphunziro amenewa. Maphunzirowo amasinthanasinthana, miyezi ina m'kalasi, miyezi ina kukagwira ntchito yeniyeni pakampani kapena pamalo omanga, ndipo ambiri amadziwana ndi owalemba ntchito panthawi imeneyo.

Usadikire kuti chilengezo chikupeze kumunda. Kwera njinga upite pa Mponela, ukalowe mu ofesi ya kolejiyo, ukafunse maphunziro omwe ali nawo, zoyenereza zake ndi mwezi womwe amalemba anthu. Ukapita pa boma, dutsa ku ofesi ya achinyamata ndi ya zantchito, pakuti zilengezo zambiri zimamatidwa pamenepo. Posankha luso, yang'ana zomwe anthu a kwanu amalipira munthu wochokera ku Lilongwe kuti adzawakonzere: mapampu a madzi, magetsi a dzuwa, njinga zamoto za kabaza. Ndipo ngati pali luso lomwe unaphunzira kale kwa mmisiri wa pamsika, funsa ku ofesi ya zantchito za mayeso oyesa luso la manja, kuti chomwe manja ako akudziwa chikhale ndi satifiketi yake.