Longines ndi wotchi yabwino koma si banki

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe akugwira ntchito ku Johannesburg, akuti akhala akusunga ndalama chaka ndi theka ndipo mtima wawo uli pa Longines HydroConquest, koma akufuna adziwe kaye ngati ndi yolimba komanso ngati ndalama zawo zingabwerere atafuna kudzayigulitsa. Ndinayiwerenga kawiri imeloyo ndili mu minibasi ndipo inandikhudza kwambiri, chifukwa funso limeneli ndi lomwe ine sindinafunse munthu aliyense nthawi yomwe ndimayenera kufunsa.

Achimwene, mundilole ndiyambire patali pang'ono. Bambo anga anali mphunzitsi wa ku pulayimale ndipo anali ndi Seiko 5 imodzi yokha moyo wawo wonse, galasi lake linali lokandikakandika moti umachita kuyipendeketsa kuti uone nthawi. Inali yosalira batire, imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono, ndiye Lolemba m'mawa akayipeza itaima amayigwedeza kangapo, kenako n'kudikira wayilesi itchule nthawi kuti ayikonze mivi. Usiku amayivula n'kuyiika pamwamba pa Baibulo, ine ndimapita mozemba kukayiika pakhutu kumvera kakulira kake kaja. Ndiye nditapita ku Joni n'kuyamba kugwira tindalama tooneka, chinthu choyamba chomwe ndinachilakalaka sichinali galimoto ayi, inali wotchi ya ku Switzerland, yoti ndikadzafika kumudzi bambo ayigwire m'manja aone kuti mwana wawo sanapite pachabe.

Ndinagula. Dzina lake sinditchula koma inali ya gulu lomweli la Longines, zapakatikati, zodula ndithu koma zosafika pa Rolex. Wogulitsa anandiuza kuti zinthu ngati izi sizitsika mtengo, ine n'kukhulupirira, mpaka ndinakauza mayi a kunyumba kuti musadandaule, ndalama zija sizinapite, ndangozivala pamkono. Bokosi lake ndinataya posamuka chifukwa kachipinda kanali kakang'ono, khadi ya waranti ndi risiti zinapita limodzi ndi bokosilo. Patatha zaka ziwiri mayi anga anadwala mwakayakaya ndipo panafunika ndalama tsiku lomwelo, osati mawa. Ndinalowa mu shopu ina ya pinyolo, bambo wa mmenemo anayika kagalasi padiso, anayitembenuza, anayang'ana timikwingwirima ta pa lamba, kenako anangofunsa kuti bokosi ndi mapepala zili kuti. Mtengo omwe ananditchulira sunafike ngakhale theka la zomwe ndinalipira. Ndinapita ku shopu ina, chimodzimodzi. Ndinalandira ndalamazo manja akunjenjemera, ndinatumiza, mayi anachira ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu mpaka lero, koma zomwe zinandiwawa kwambiri ndi kubwerera kunyumba kukamuuza mkazi wanga kuti zija ndinakulonjeza zija sizinali zoona.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akuti wotchi ndi investment magazi amandiwira. Ndikumvetsa komwe maganizowa akuchokera, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene anali ndi ndalama ku banki anadzuka ali wosauka, ndiye munthu umayamba kusakasaka chinthu chogwirika choti usungiremo thukuta lako. Komanso pa intaneti panadzadza nkhani za anthu omwe anagula Rolex Daytona kapena Patek Philippe Nautilus n'kugulitsa mtengo wokwera kuposa wa mu shopu. Zinachitikadi zimenezo, makamaka cha mu 2021 mpaka kumayambiriro kwa 2022, koma kenako mitengo ija inayamba kutsika ndipo omwe analowa mochedwa anapsa manja. Ndipo chomwe chimakweza mitengo ya mawotchi amenewo si kulimba kwake ayi, ndi kusowa, umapita ku shopu ndi ndalama zako m'thumba n'kukuuza kuti lembetsani dzina mudikire. Longines mutha kulowa mu shopu lero n'kutuluka nayo lero lomwe, nthawi zina akuchotseraniko ndi mtengo. Nanga munthu angakupatseni bwanji ndalama zonse pa yovalidwa kale pomwe yatsopano ili pa shelefu? Sizingatheke, ndipo aliyense wokuuzani zina akufuna ndalama zanu basi.

Koma musandimve molakwa, wotchiyo payokha ndi yabwino zedi ndipo pano ndiyikira kumbuyo ndi mtima wonse. Longines si kampani yongotulukira dzulo, inayamba mu 1832 ku Saint-Imier, ndipo chizindikiro chake chija cha kabotolo ka mchenga kokhala ndi mapiko chinalembetsedwa mu 1889. Pano ili pansi pa Swatch Group limodzi ndi Omega, Tissot, Rado ndi Hamilton, ndipo pa makwerero awo Tissot ili mmunsi, Omega pamwamba, Longines pakati. Makina a mkati amapangidwa ndi kampani ya ETA, yomwenso ili pansi pa Swatch Group, ndipo pali anthu ena onyada omwe amanyoza zimenezi kuti si makina akeake, ine ndimati zimenezo ndiye zabwino kwa munthu ngati inu ndi ine chifukwa makina odziwika bwino savuta kupeza wowakonza. HydroConquest ya otomatiki, yoyendera kugwedezeka kwa mkono ngati ya bambo ija, ili ndi makina otchedwa L888, atsopanowa mukayivula Lachisanu madzulo Lolemba m'mawa muyipeza ikuyendabe chifukwa imasunga mphamvu pafupifupi maola 72. Galasi ndi la sapphire, makiyi kapena khoma sizilikanda chisawawa ngati lija la bambo anga, ndipo inapangidwa kuti ipirire madzi mpaka mamita 300, kutanthauza kuti mvula ya mu January kapena kusambira ku Mangochi si nkhani.

Apa ndipatuke pang'ono pa mawu aja a Swiss Made olembedwa pa nkhope ya wotchi omwe anthu amawalambira. Malamulo a ku Switzerland kuyambira 2017 amati 60 peresenti ya ndalama zopangira wotchiyo zikhale zogwiritsidwa ntchito mdzikomo, ndiye si kuti kachitsulo kalikonse kanasulidwa kumeneko, ndipo mawuwo paokha sakuuzani kuti wotchi ndi yabwino motani. Mukafuna umboni weniweni wa kusunga nthawi yang'anani mawu oti chronometer, kutanthauza kuti makina ake anayesedwa ndi bungwe la ku Switzerland loyesa mawotchi la COSC masiku 15 ndipo sachedwa kuposa masekondi 4 kapena kuthamanga kuposa masekondi 6 patsiku. Longines Spirit, yomwe inatuluka mu 2020, ili ndi satifiketi imeneyo. Ndipo mudziwiretu kuti ngakhale itero, ka Casio ka batire kotchipa kamasunga nthawi bwino kuposa iyo, chomwe mukulipira ndi ntchito ya manja, kukongola, ndi chinthu choti mwana wanu adzachiike pakhutu.

Chinanso chomwe ogulitsa satchula ndi sevisi. Wotchi ya otomatiki ili ngati injini, mafuta a mkati amauma, timphira totchinga madzi timatha, pakapita zaka zingapo imafuna kutsegulidwa ndi katswiri ndipo ndalama yake si yamasewera. Abale athu okonza mawotchi pa msika ndimawalemekeza, Seiko ya bambo inakhala zaka zonse zija chifukwa cha iwo, koma wotchi ya mmadzi ikatsegulidwa imafunika kuyesedwanso ndi makina ngati yatsekeka bwino, apo ayi tsiku lina mudzangoona nthunzi mkati mwa galasi. Inu poti muli ku Johannesburg zimenezi n'zapafupi, koma ngati mukuganiza zodzabwerera kumudzi muziwerengere.

Ndiye mugule kapena ayi?

Ngati ndalamazo ndi zomwe mungadzazifune mwadzidzidzi, musagule, zisungeni pomwe mungazitenge zonse zathunthu. Ngati ndi zapadera ndipo mukufuna kuvala zaka makumi awiri, gulani ndipo simudzadandaula. Ine ndikanakhala inu ndikanasaka yovalidwapo chaka chimodzi kapena ziwiri kwa wogulitsa wodalirika, kuti kugwa kwakukulu kwa mtengo kuja kukhale kuti kunagwera woyamba, ndipo musanapite onani pa Chrono24, msika wa mawotchi wa pa intaneti, kuti yofanana nayo ikuyenda pa zingati, podziwa kuti imeneyo ndi mitengo yoitanira, inu pogulitsa adzakupatsani yocheperapo. Nambala ya pa wotchi ifanane ndi ya pa khadi, mafeki a masiku ano amanyenga maso, ndiye zogulana pa WhatsApp ndi munthu osamuona ayi. Ya lamba wachitsulo, ya nkhope yakuda kapena ya buluu, imapeza wogula msanga kuposa mitundu yachilendo. Ngati nkhani ya kugulitsa ikukusowetsanibe tulo onjezerani ndalama muone wotchi ya kampani ina yotchedwa Tudor Black Bay, imagwirako mtengo bwino koma nayonso musayembekezere phindu. Ndipo bokosi, khadi, risiti, ngakhale timaunyolo tomwe achotse pa lamba kuti ikukwaneni, zonsezo ikani mu sutikesi pamodzi ndi pasipoti yanu.